Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Malichi 2019

Zikomo nonse amene munandilimbikitsa pa gawo lapita lija. Mwati ndipitirize, ndiye lero ndafika pa mwezi umene ndakhala ndikuuzemba.

Paja ndinakuuzani kuti ndinkakhala m'tauni ya Fremont, ku Nebraska m'dziko la America, koma ntchito yosamalira okalamba ija inali mumzinda wa Omaha. Febuluwale yense kunazizira koopsa. Sinowo anaunjikana, nthaka n'kuuma gwa ngati mwala. Cha pa 13 Malichi kunafunda mwadzidzidzi, mvula n'kudzagwa pamwamba pa sinowoyo. Nthaka youma chonchi ikanamwa bwanji madzi? Onse anathamangira m'mitsinje atanyamula zibuma za ayezi. Pa 14 damu la Spencer pa mtsinje wa Niobrara linagumuka. Ife ku Fremont tinali pakati pa mitsinje ya Platte ndi Elkhorn, ndipo yonse iwiri inasefukira. Misewu yolowa m'tauni inamira, phula linakokoloka, moti ena ankatuluka pa tindege ting'onoting'ono ta anthu akufuna kwabwino.

Alamu anga, ndikudziwa kuti mumawerenga. Munauza anthu kumudzi kuti ine ndinkadya zonona ku America mayi akugona m'kalasi pasukulu ku Chikwawa, nyumba yawo itagwa ndi mvula ija ya Idai. Mawu amenewo ndinawasunga mumtima zaka zonsezi. Ndinkalipidwa pa ola. Popanda msewu panalibe ntchito, popanda ntchito panalibe ndalama. Chipinda changa chinali chapansi pa nyumba, ndipo madzi anatenga matilesi, zikalata ndi chitenje chimene mayi anandipatsa pabwalo la ndege la Chileka. Ndalama ndinatumiza mochedwa, inde, koma zinali zangongole, ndipo ndinabweza kwa chaka chathunthu.

Chimene chimandiwawabe mpaka lero ndi foni ija. Mayi anabwereka foni ya mphunzitsi wina pamsasapo. Mawu awo anali osasa, kumbuyo kukumveka ana akulira. Sanatchule za nyumba. Sanatchule za chimanga chawo chimene chinapita ndi madzi chisanakhwime. Anangoti, "Mwanawe, ndamva kuti kumenekonso kuli madzi. Uli pouma?"

Ndinali nditaima pamasitepe, madzi ozizira akundifika m'mawondo, miyendo itachita dzanzi. Ndinati, "Eya mayi, ndili pouma." Iwo anati, "Basi, ndigona bwino lero." Foni inaduka, ine ndinakhala pansi pamasitepe pomwepo, m'madzimo, ndikulira.