Ndinapita kwa apongozi ku Isfahan ndili akazi atatu

Pa ulendo wathu woyamba wokaona apongozi ku Isfahan, mzinda wa ku Iran, amuna anga ananyamuka ndi akazi atatu, ndipo onsewo ndinali ine ndemwe. Pa tikiti ndi pa pasipoti ya Malawi panali mayi wa dzina la kuchimuna. Pa kalata yakubadwa panali Phiri wa ku Nkhotakota. Pa pasipoti ya Iran panali Firi, wocheperako ndi chaka chimodzi, amene ngakhale mayi anga ondibereka sakumudziwa.

Gwero lake ndi azakhali. Titamanga nikah, ukwati wa Chisilamu, n'kukalembetsa ukwati ku boma kuno ku Johannesburg, anandiimbira foni. "Iwe, wakwatiwa kapena ukungokhala naye? Mkazi wa mwini amadziwika ndi dzina." Pasipoti yanga inali itatsala pang'ono kutha, ndiye potenga ina ndinapereka satifiketi ya ukwati n'kulembetsa dzina la amuna anga. Eni dzinawo ataiona anangoti zili bwino, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo wopanda mkaka uja. Sanandiuze kuti kwawo mkazi sasintha dzina. Amakhala ndi la bambo ake mpaka kumanda, monga agogo anga omwe mudzi wonse unkawaitana kuti Naphiri ngakhale anali pabanja. Lamulo la ku Iran limalola mkazi kutenga dzina la mwamuna ngati mwamunayo wavomera, koma ochita zimenezo ndi owerengeka.

Ine ndinkaganiza kuti ndingopempha viza ngati mlendo aliyense. Ku ofesi ya kazembe wa Iran anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti nzika sapatsidwa viza. Ndinacheuka kuona ngati akulankhula ndi wina kumbuyo kwanga. Ayi, nzikayo ndinali ine. Ndime 976 ya Civil Code, buku la malamulo a dziko la Iran, imati mkazi wakunja akakwatiwa ndi mwamuna wa ku Iran, nayenso ndi wa ku Iran, afune asafune. Ndime yomweyo imati mwana wa bambo wa ku Iran ndi nzika, olo atabadwira ku Ndirande. Ndipo boma lawo silivomereza unzika wapawiri: ukalowa m'dzikomo ndiwe wawo basi, zikakuvuta pasipoti ya Malawi ndi kabuku chabe ka m'chikwama, kazembe wa dziko lina sangakulankhulire. Mfundo imeneyi si yoseketsa, ndipo mkazi aliyense aidziwe asanagule tikiti. Kwa abambo okwatira mkazi wa ku Iran nkhani ndi ina: unzika sabwera nawo ukwati, ndipo ndime 1060 imafuna chilolezo chapadera cha boma kuti ukwatiwo uzindikirike.

Choncho mmalo mwa viza tinayamba ntchito yolembetsa ukwati. Fomu imadzazidwa pa intaneti, pa tsamba la unduna wawo wa zakunja lotchedwa Mikhak, kenako mumapita nonse awiri ndi mapepala enieni. Mwamuna amabweretsa shenasnameh, kabuku kakubadwa komwe amalembamo ukwati, ana, chisudzulo ndi imfa, pamodzi ndi chiphaso cha unzika cha manambala 10. Mkazi amabweretsa pasipoti, kalata yakubadwa yokhala ndi maina a makolo onse awiri, zithunzi atavala mpango wophimba tsitsi, satifiketi ya ukwati ya boma, ndi ya nikah yochokera kumalo a Chisilamu omwe ofesiyo ikuwadziwa. Pa ya nikahyo mahari, mphatso yomwe mwamuna amalonjeza mkazi paukwati, azioneka bwinobwino. Iwo amati mehrieh, ndipo ambiri amawerengera m'makobidi a golide otchedwa Bahar Azadi, lililonse lolemera magalamu 8 ndi pang'ono. Ena amalemba 14, ena 110. Ine bambo anga aang'ono anandilembera Korani ndi ndalama zogulira mbuzi ziwiri, moti wolandira mapepala anawerenga kawiri n'kuwayang'ana amuna anga ndi kaduka.

Mapepala akunja samangowalandira. Iran sili m'pangano la apostille, chidindo chomwe maiko ambiri amavomerezana potsimikizira mapepala, ndiye chidindo chimenecho pachokha sichikwanira. Pepala lililonse lidindidwe kaye ndi unduna wa zakunja wa dziko lomwe linalitulutsa, la ukwati ku Pretoria, lakubadwa ku Lilongwe, kenako limasuliridwe m'Chiperisiya, kenako kazembe adinde. Mukasokoneza ndondomekoyi mumayambiranso.

Firi anabadwira pomasulirapo. Womasulira wake anali bambo wofatsa, wa magalasi, amene ataona Ph anawerenga monga amachitira Angerezi n'kulemba chilembo cha f. M'Chiperisiya p alipo, ndi kambale kokhala ndi timadontho titatu pansi, pamene f ali ndi kamutu ndi kadontho kamodzi pamwamba. Ine ndinayang'ana pepalalo n'kuona kuti ndi lokongola, ndinasaina. Amuna anga, omwe amawerenga zilembozo kuyambira ali ku mkaka, anali panja pa foni ndi mayi awo kukambirana za zomwe tikadye tikafika. Dzina likalowa mu shenasnameh, zilembo za Chingerezi za pa pasipoti zimatsatira momwemo, ndiye F uja anangodutsa mpaka pa tsamba la chithunzi. Anzanga a maina oyamba ndi Mb, Nkh, Mw kapena Ng' musamale koposa, chifukwa Chiperisiya sichiyamba liwu ndi makonsonanti awiri ndipo sichilemba mavawelo afupiafupi. Womasulira amawonjezera vawelo yake poyamba, wolemba pasipoti n'kuganizira ina pakati, mapeto ake Mbewe n'kutuluka dzina la mankhwala a chifuwa. Lembani nokha pa fomu mmene dzina lizionekera m'zilembo zathu, ndipo wina aliwerenge mokweza la Chiperisiyalo musanasaine. Likadindidwa, kulikonza kumadutsa ku bungwe lawo la kalembera, Sabt-e Ahval, ndipo ndi nkhani ya miyezi.

Chaka chomwe ndinachepera chinatayikanso pa tebulo lomwelo. Kalendala ya ku Iran imayamba pa Nowruz, pa 20 kapena 21 Malichi. Wobadwa kuyambira tsikulo mpaka Disembala amachotsa 621 pa chaka chathu, koma wobadwa Januwale, Febuluwale kapena Malichi, Nowruz isanafike, amachotsa 622. Chitsanzo chosaiwalika ndi tsiku lomwe ufumu wa Shah unagwa, 11 Febuluwale 1979, lomwe kwawo ndi 22 Bahman 1357. Ine ndine wa Febuluwale, bambo aja anachotsa 621, ndipo ndinabwezeredwa chaka chathunthu cha utsikana popanda mafuta odzola. Manambala awonso ndi ena: ziro ndi kadontho, 2 ndi 3 amasiyana ndi dzino limodzi lokha. Sindikanazindikira olo akanandilemba kuti ndinabadwa nthawi ya Mfumu Solomo.

Pasipoti itatuluka, amuna anga anali atagula kale matikiti pa dzina la kuchimuna lija, chifukwa mitengo inali yotsika. Pabwalo la ndege mtsikana wa pa kauntala anatenga pasipoti ya Malawi, dzina likugwirizana ndi tikiti, n'kufunsa viza ya Iran. Ndinamupatsa pasipoti ya Iran monyadira. Anayang'ana iyi, n'kuyang'ana iyo, n'kundiyang'ana ine.

"Mayi Firi ali kuti?"

"Ndine."

"Nanga awa?"

"Ndinenso."

Anafunsa ngati ndili ndi pepala losonyeza kuti awiriwa ndi munthu mmodzi. Ndinatulutsa kalata yakubadwa, momwe munatuluka Phiri, ndipo mtsikanayo anaitana bwana wake. Kumbuyo kwathu mzere unali utafika pa zikepe. Bambo wina wa ku Malawi, yemwe anaona chikuto cha pasipoti yanga, anandinong'oneza kuti, "Chemwali, ngati ndi zogula ku Hillbrow ingovomerani, amakhululuka."

Chomwe chinatipulumutsa ndi satifiketi ya ukwati yaitali, yokhala ndi dzina langa lakale ndi la amuna anga pa tsamba limodzi, kuphatikiza shenasnameh yawo momwe ukwati unali utalembedwa kale. Za chaka chosiyanacho bwanayo anachiona, anapuma mozama, n'kunena kuti sanachione. Makampani ambiri a ndege amakonza zilembo ziwiri zitatu zolakwika, koma dzina lonse amati gulani tikiti ina, ndiye wanzeru amadikira mapasipoti onse akhale m'manja asanalipire. Pa ulendo wotere onse awiri amagwira ntchito: ya Malawi, yomwe muli chilolezo chokhalira ku South Africa, potuluka ndi pobwerera kuno, ya Iran polowa ndi potuluka ku Tehran.

Ku bwalo la ndege la Imam Khomeini ku Tehran kunalibe vuto ngakhale pang'ono. Ndinakokera mpango kumutu ndege isanatere, ndinaima pa mzere wa nzika ndili wakuda ndekha, wapolisi anadinda n'kundilankhula chiganizo chachitali chomwe ndinachiyankha ndi mano.

Apongozi anatilandira ndi utsi wa esfand, njere zomwe amafukiza pothamangitsa diso loipa, n'kundipsompsona masaya uku akunditcha arus, kutanthauza mtengwa. Madzulo, titadya mpunga ndi nkhoko zake zomwe kumeneko amazilimbirana, anapempha kuona mapepala anga. Atamva dzina la pa pasipoti ya Malawi anaika kapu pansi. Kwawo mwamuna ndi mkazi akakhala ndi dzina limodzi, anthu amaganiza kuti ndi ana a munthu ndi mchimwene wake, poti maukwati apachibale otere alipo. Anatembenukira apongozi aamuna n'kuwafunsa, amuna anga akundimasulira misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, kuti ndi mchimwene wawo uti amene anapitako ku Africa osanena. Nkhalambayo inayamba kuwerenga abale ake pa zala, n'kuima nthawi yaitali pa wina yemwe ankagwira ntchito pa sitima za pamadzi ku Bandar Abbas.

Dzinalo silinandithandizenso ku hotela ku Shiraz. Mahotela akumeneko amafuna umboni wa ukwati mwamuna ndi mkazi asanapatsidwe chipinda chimodzi. Ine ndinaponya pasipoti ya Malawi pa tebulo kuti dzina lilankhule lokha. Mnyamatayo anati chabwino, mlongo wake wa bwanayo apatsidwa chipinda chapafupi. Chomwe amafuna ndi tsamba la ukwati la mu shenasnameh, ndipo Firi atatulutsidwa m'chikwama kiyi inaperekedwa pompo. Mkazi wovomerezeka wa amuna anga m'dziko lonselo anali iyeyo, wolakwika dzina ndi chaka yemwe.

Alamu anga aakazi, omwe anaphunzira zamalamulo, ndiwo anandikhazika pansi pa nkhani yotuluka. Mkazi wokwatiwa ku Iran amatenga pasipoti ndi chilolezo cholembedwa cha mwamuna, ndipo mwamuna angathe kukaletsa kuti mkazi wake asatuluke m'dziko. Ndinakumbuka kapepala komwe amuna anga anasaina kwa kazembe akuimba kamluzu. Akazi ochenjera akumeneko amalembetsa mfundo zawo m'kalata ya ukwati, monga ufulu woyenda, wogwira ntchito ndi wophunzira, kapena amapita ndi mwamuna kwa wolemba zikalata wovomerezeka kuti apereke chilolezo chokhazikika. Alamuwo anamukoka mchimwene wawo mmawa mwake, asanamwe ndi tiyi yemwe, ndipo anasaina. Anamufunsanso ngati khadi lake losonyeza kuti za usilikali anathana nazo lili m'thumba, chifukwa mwamuna amene sanakonze zimenezo akhoza kulowa bwinobwino koma n'kukanika kutuluka.

Chotsala chinali msonkho wotulukira, womwe nzika zimalipira zisanakwere ndege, ndipo ine tsopano ndinali nzika. Makhadi a Visa ndi Mastercard sagwira ntchito ku Iran chifukwa cha zilango za zachuma, ndiye analipira ndi apongozi pa khadi lawo. Ndinafuna kuwabwezera, anakana. Amuna anga anali atandiphunzitsa taarof, mwambo woti munthu amakana kangapo asanalandire, choncho ndinakakamira, iwo n'kukana, ine n'kukakamira, mpaka analandira. M'ndege ndi momwe ndinawerengera bwino: iwo anatchula mtengo mu toman, ine ndinawerenga ndalama za mapepala zomwe zimalembedwa mu rial, ndipo toman imodzi ndi ma rial 10. Ndinawakakamiza apongozi anga, pamaso pa banja lonse, kulandira gawo limodzi mwa magawo khumi a ngongole yanga, n'kuwasisita paphewa kuti asadandaule za chenji.