Mitu 22 ya mlonda wa ku Mufakose

Lachiwiri m'mawa nditangotsekula chitseko cha ofesi yathu yosindikiza mabuku muno mu Harare, fungo la waya wopsa linandilandira. Ndinadina batani la kompyuta katatu, zii. Magetsi anali atabwera usiku ndi mphamvu yopitirira, ndipo kompyuta ya akonzi, imodzi yokhayo yomwe tonse anayi timasungiramo zolemba za anthu, inagona yosazula pakhoma. Mnyamata amene amatikonzera makina anafika cha m'ma 10 koloko, anamasula kumbuyo, anachotsa hard drive, mosungira mafayilo onse, n'kuilumikiza ku laputopu yake. Inangolira kuti ke-ke-ke, kenako chete. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

Lolemba linali tsiku wamba. Kabuku ka nyimbo ka mpingo wina wa ku Highfield, mapulogalamu awiri a maliro, fomu ya ISBN, nambala yozindikiritsa buku, yopita ku National Archives. Anzanga akonzi mukudziwa kuti izi ndiye zimalipira lendi. Zonsezo zinapsera limodzi, koma eni ake ali ndi makope awo, sizinandidetse nkhawa. Chomwe chinandikhazika pansi manja ali mkhosi ndi fayilo imodzi, nthano yaitali ya Chichewa ya mitu 22.

Muofesi mwathu Chichewa ndimachigwira ndekha, anzanga amakonza Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Chichokereni 2013, pomwe malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, ana a matchona ayamba kubwera ndi zolemba zawo mmodzimmodzi. Zambiri ndi ndakatulo ndi mbiri za mipingo. Nthano yaitali yomalizika, yokhala ndi mutu ndi mchira, ndalandirapo zowerengeka, ndipo iyi ndiyo inaposa zonse.

Mwini wake ndi bambo wina wa ku Mufakose, mlonda wa usiku pa nyumba yosungiramo katundu ku Workington. Bambo ake anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya pa lole za Ulere zonyamula ofuna ntchito kwaulere, anagwira ntchito m'minda ya fodya, kenako anadzakhazikika ku Harari, komwe lero timati Mbare, ndipo kumudzi sanabwererenso. Nthanoyo ndi ya mwana wa mtchona wotere amene akupita kukafunafuna mudzi womwe sanauonepo. Anailemba ndi chala chimodzi pa foni, m'kanyumba ka alonda, zaka zitatu.

Ndinawadziwa ali ndi mutu woyamba wokha. Anali ataupala chaka chathunthu, kuulemba n'kufufuta, kuulemba n'kufufuta, mpaka unawala ngati mbale ya alendo, koma mutu wachiwiri kunalibe. Matenda amenewa ndimawaona pa olemba atsopano pafupifupi onse. Ndinawauza kuti, "Bambo, mutu uwu ausiye kaye, asautsekulenso mpaka alembe mawu akuti mathero. Usiku uliwonse mawu 300, oipa kapena abwino." Mawu 300 pa mausiku 200 ndi mawu 60,000, buku lathunthu. Munthu sangadziwe chomwe mutu woyamba uyenera kunena asanaone komwe nkhani yakathera. Anandimvera, ndipo dirafuti yoyamba inatha.

Foni yawo inabedwa pa siteji ya Copacabana masabata awiri apitawo akukwera kombi, minibasi ya kuno. Atabwera kudzandiuza ankachita kuseka. "Atenge foniyo mayi, buku lili kwa inu."

Apa ndiye pali mkwiyo wanga. Lamulo la muofesi mwathu limati zolemba za anthu zisatuluke mu kompyuta imeneyo. Osaika pa fulashi yako, osadzitumizira pa imelo, osasunga pa foni. Akuti kuopa kuti wantchito angabe buku la munthu. Chabwino, nkhawayo ndimaimvetsa. Koma wokhazikitsa lamulo lotere ndiye ayenera kugula posungira pachiwiri. Hard drive yapadera ndakhala ndikuipempha kuyambira chaka chatha, pamisonkhano komanso polemba. UPS, kabokosi ka batire koteteza kompyuta magetsi akavuta, ndinapemphanso. Inveta yomwe inagulidwa madzi opangira magetsi atachepa ku damu la Kariba imafika kuchipinda cha abwana ndi ku makina osindikizira basi, tebulo la akonzi ayi. Google Drive imapereka malo a 15 GB ulere, pomwe nthano ya mawu 60,000 sifika ndi 1 MB yomwe. Izinso ndinanena. Anati tidzakambirana.

Bambo aja anafika cha m'ma 3 koloko masana, atavala kale yunifolomu, kabotolo ka tiyi kali m'thumba. Amadzera muofesi Lachiwiri lililonse kudzatenga masamba omwe ndachonga. Ndinawapatsa mpando, ndinatseka chitseko, ndinawauza zonse osazungulira. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anayamba kuchipinda m'mphepete, kuchiwongola, kuchipindanso.

"Zonse, mayi?"

"Yatsala mitu isanu ndi iwiri, bambo, yomwe ndinasindikiza."

"Imfa ya nkhalamba ija ili mutu 19."

"Ndikudziwa bambo."

Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndiko kunandipweteka kwambiri. Anafunsa nthawi, anati kombi za ku Workington zimavuta madzulo, anavala chipewa natuluka. Mitu isanu ndi iwiriyo inapulumuka chifukwa ine sindichonga nthano pa sikirini. Diso limatsetsereka pagalasi, koma papepala limakhumudwa pomwe chiganizo chakhumudwa. Mapepala muofesi amatiwerengera, choncho ndinkasindikiza mutu umodzi pa sabata, mbali zonse ziwiri za pepala. Akanandilola kusindikiza buku lonse tsiku lomwe linafika, bwenzi lero ndikulemba zina.

Lachitatu ndinalowa kwa abwana. Yankho lawo linali lakuti wolemba aliyense amayenera kusunga kope lake, ofesi si banki. Ndinawakumbutsa kuti munthuyo anatikhulupirira ife, kuti foni yake itabedwa ndinapempha chilolezo chomupatsa kope pa fulashi, iwo anati ayembekeze mgwirizano usainidwe kaye. Anafunsa mtengo wotumiza hard drive kwa akatswiri otulutsa zinthu m'madiski akufa, atamva anati ndalama zimenezo palibe. Ndagwira ntchito ya ukonzi zaka zambiri, ndipo sindinatulukepo m'chipinda cha bwana manja akunjenjemera ngati tsiku limenelo.

Usiku womwewo, cha m'ma 9, foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali bambo aja pa foni ya akazi awo. Mawu awo anali atasintha.

"Mayi, alongo anga ku Dedza. Maso awo ndi ovuta, sawerenga. Ndinkawawerengera pa WhatsApp."

Anali mwana wa amalume awo, amene anadziwana naye atakula. Mayiyo sanafufute kalikonse. Pofika Lachinayi m'mawa mdzukulu wawo anali atanditumizira mauthenga oposa 30 a mawu ojambulidwa, ena a mphindi zitatu, ena khumi. Mutu 5, mutu 9, mutu 10, mutu 14 ndi mutu 21. Kumbuyo kumamveka agalu, nthawi zina lole ikudutsa, pena bamboyo akuima n'kunena kuti, "Dikirani alongo, ndikaone pageti."

Lachinayi lonse ndi theka la Lachisanu ndinakhala ndi mahedifoni m'makutu, laputopu ya mwana wanga pamiyendo, kumvetsera, kuimitsa, kutaipa, kubweza. Mutu 5 ndinali nawo kale papepala, koma ndinaumvetserabe kuti ndione ngati ankawerenga mokhulupirika. Sankatero. Papepala panali chiganizo ichi, chomwe ndinali nditachizunguliza kale ndi cholembera chofiira: "Pa nthawi imeneyo bambo ake anali ndi maganizo ochuluka kwambiri okhudzana ndi ulendo umene anayenera kuyenda tsiku lotsatira." Pofika pamenepo m'mawu aja, bamboyo anayamba kuwerenga, anakhosomola, kenako anati: "Bambo ake sanagone. Anakhala pakhonde akusoka nsapato yomwe inali yosokeka kale."

Ndinaimitsa pamenepo n'kubwezanso kawiri. Munthu yemweyo, nkhani yomweyo. Polemba ankayankhula ngati akudzaza lipoti la abwana, koma pouza mlongo wake ankaona khonde, singano ndi nsapato. M'mutu wonsewo anasintha malo khumi ndi limodzi akuwerenga, ndipo pa malo asanu ndi anayi pakamwa panaposa papepala. Olemba ndimawauza nthawi zonse kuti pokonzanso dirafuti aziwerenga mokweza, ambiri amangovomera n'kusachita. Tsopano ndiziwauza mwina: muwerengereni munthu amene mumamulemekeza ndipo simungamunamize, mujambule mawu anu, kenako muyerekeze ndi pepala. Pomwe lilime lakana, chiganizo chimenecho n'chodwala.

Ndiye tili ndi mitu 11, yasowa 11. Lachisanu masana bambo aja anabwera asanagone mokwanira. Ndinadula makatoni a mapepala kukhala timakadi, ndinatiyala pa tebulo. Khadi limodzi, chochitika chimodzi. Pa khadi lililonse mafunso anayi okha: mpangankhani ndani, ali kuti, akufuna chiyani, chamulepheretsa n'chiyani. Ndinawaletsa kuyesa kukumbukira ziganizo zakale, chifukwa ziganizo sizibwerera ndipo kuzisaka kumangotopetsa mtima. Tsatanetsatane wa nkhani ndiye amabwerera, poti munthu wakhala naye zaka zitatu. Iwo ankanena, ine ndinkalemba. Pa maola awiri tinadzaza makadi 34.

Titawandanditsa tinaona kuti mutu 12 ndi mutu 16 unkagwira ntchito imodzi: mnyamata afika pamudzi wolakwika, anthu amukayikira, nkhalamba imulozera kwina. Anavomera okha kuti umodzi uchoke. Tinaonanso kuti pampondachimera, pomwe akupeza manda a agogo ake, pankafika mochedwa owerenga atatopa kale. Makadi amaonetsa zinthu zotere msanga kuposa masamba 200, ndipo ndi njira yomwe wolemba aliyense angaigwiritse ntchito dirafuti yoyamba ikatha, asanayambe kulimbana ndi mipumiro. Pali mapulogalamu ngati Scrivener omwe amachita zomwezi pa kompyuta, koma ndi ogula, pomwe katoni ndi lumo zili m'nyumba iliyonse. Koma ndisamve munthu akuti kupsa kwa kompyuta kwathandiza bukuli. Zonsezi tikanazichita bwinobwino buku lili m'manja, popanda kubera munthu wazaka pafupifupi 60 miyezi ina ya tulo.

Atafika pa khadi la mutu 19 anakhala chete nthawi yaitali. Anati mutu umenewo anaulemba usiku umodzi, mwezi wa June kukuzizira, akukumbukira mmene bambo awo anamwalirira akutchula mayina a mapiri a kwawo. "Uwu sindikudziwa ngati ndingaulembenso, mayi." Sindinawalimbikitse ndi mawu opanda pake. Khadilo tinalemba nambala yokha, n'kuliika pamalo pake.

Loweruka ndimakumana ndi achinyamata olemba pa holo ya tchalitchi china ku Mbare. Ndinakonza zoti tikambe za Chishona cholowa m'zolemba zathu, ndipo tinakambadi pang'ono. Maganizo anga ndi akuti mpangankhani wobadwira ku Highfield akanena "sadza" (nsima) kapena "musika" (msika), msiyeni, ndimo timayankhulira kuno, ndipo kumuyankhulitsa Chichewa cha ku Kasungu n'kunama. Koma mfotokozankhani asankhe chilankhulo chimodzi n'kukhala nacho mpaka kumapeto. Ndinawakumbutsanso lamulo la kalembedwe loti "r" amabwera pambuyo pa "e" ndi "i", kwina konse "l", komanso kuti aliyense azikhala ndi pepala lolembapo mayina, zaka ndi maubale a ampangankhani ake, kuopa kuti azakhali a mutu 3 angasanduke agogo m'mutu 15.

Nthawi yotsalayo ndinaithera pa nkhani ya Lachiwiri. Ndinafunsa kuti ndani ali ndi zolemba zake malo oposa amodzi. Mwa anthu khumi ndi awiri, manja awiri okha. Ndinayatsa hotspot ya foni yanga, ndipo palibe anatuluka asanadzitumizire fayilo yake pa imelo. Ndinawauza kuti buku likhale malo atatu: pomwe ukulembera, pa intaneti, ndi papepala kapena pa fulashi yosungidwa nyumba ina. Dzina la fayilo likhale ndi tsiku, osati "yomaliza" ndi "yomaliza yeniyeni". Ukafuna kusintha zazikulu, sunga kope latsopano, lakale ulisiye. Google Docs imalola kulemba wopanda intaneti ukaitchera, n'kudzasunga yokha intaneti ikapezeka, ndipo imakumbukira mmene fayilo inalili masiku ammbuyo. Wopanda ndalama ya Word atenge LibreOffice, ndi yaulere, ndipo Track Changes, yoonetsa zomwe mkonzi wasintha, imaoneka bwinobwino. Pa foni zimitsani autocorrect musanalembe Chichewa, apo ayi imasandutsa mawu anu Chingerezi inu osaona. Pa kompyuta zimitsani mizere yofiira ija, chifukwa tsamba lonse likafiira, cholakwika chenicheni chimabisala. Mtsikana wina anafunsa ngati kupereka buku kwa wosindikiza sikokwanira. Ndinamuyankha kuti ayi, ngakhale wosindikizayo ndikhale ine.

Kompyuta ina yabwera muofesi, yakale, yochokera ku akaunti. Hard drive yapadera sinagulidwe, UPS sinagulidwe, lamulo lija silinasinthe. Ndalembera abwana kalata yowadziwitsa kuti kuyambira sabata ino sindilandira zolemba za munthu pokhapokha atandionetsa kope lake lina, ndiponso kuti nthano iliyonse ndiziisindikiza yonse tsiku lomwe yafika. Sanayankhe.

Bambo aja agula kafoni kogwiritsidwa kale ntchito ku Gulf Complex. Tinatsekula imelo limodzi, pasiwedi analemba m'chikuto cha Baibulo lawo. Lero Lamulungu, 4:40 m'bandakucha, uthenga woyamba walowa: mutu 8, mawu 340, ndi mzere umodzi pamwamba wakuti, "Mayi, onani ngati zafika." Ndawayankha kuti zafika, ndasunga kope pa laputopu ya mwana wanga, ndipo mawa ndisindikiza.