Tsiku limene chigayo chinaima chifukwa cha pikiapu yanga

Popeza nkhaniyi yafika kale ku Bvumbwe, ku Luchenza ngakhalenso kwa abale amene ali ku Johannesburg, ndipo aliyense akuithira mchere mmene akufunira, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. Anthu akunena kuti ndinamwa dizilo pamaso pa apongozi anga. Sindinamwe. Analowa yekha m'kamwa, ndipo zinthu ziwirizi n'zosiyana kwambiri.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti chigulireni pikiapu yanga, yakale ndithu koma ya mafupa olimba, ndakhala mlaliki wa dizilo pa bawo, pa maliro ngakhalenso pa mzere wa kubanki. Ndinkafotokozera aliyense kuti injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto, koma imapanikiza mpweya mpaka utenthe kotero kuti mafuta akangopoperedwamo amayaka okha, nzeru imene Rudolf Diesel anaionetsa ku Germany mu 1897. Ndinkati lita imodzi ya dizilo imakufikitsa kutali kuposa ya petulo, ndipo pachitunda injiniyo imakoka katundu popanda kukuwa, n'chifukwa chake ma Hilux, ma Isuzu ndi ma Ranger ambiri amene amazungulira m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo ndi a dizilo. Ndinkamaliza ndi mfundo imene ndinkainyadira koposa, yoti ngakhale anthu a ku America, amene kwa zaka zambiri pikiapu zawo zopepuka zinali za petulo, anagonja: Ram 1500 inapatsidwa injini ya dizilo mu 2014, Ford F-150 nayo mu 2018.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankandisokoneza ulaliki, ndipo ndi alamu anga, amene ali ndi kagalimoto ka petulo kamene ine ndinkakatcha kachitini. Iwo ankayankha mofatsa kuti Ford inasiya injini imeneyo mu 2021, Ram inasiyanso mu 2023, ndipo chiululikireni chinyengo cha Volkswagen pa kayezedwe ka utsi mu 2015, galimoto zing'onozing'ono za dizilo zakhala zikuchepa. Ankatinso za masiku ano zimafuna sefa ya utsi ndiponso madzi oyeretsera utsi otchedwa AdBlue, zinthu zimene zikawonongeka munthu amagulitsa munda. Ine ndinkati Chevrolet sinasiye, kenako ndinkasintha nkhani.

Loweruka limenelo kunali chinkhoswe cha mng'ono wa mayi a kunyumba, kumudzi kwawo cha ku Thekerani, ndipo palibe amene anandikakamiza kunyamula apongozi onse awiri. Ndinadzipereka ndekha, nditavala suti ndi tayi. Kumbuyo kunali miphika, mipando, nkhuni, matumba a mpunga ndi amayi a kwaya amene chiwerengero chawo chinkakula pa malo alionse amene ndinkaima. Sabata imeneyo mafuta ankavuta, mizere ya galimoto inali yogonera komweko, ndipo muvi wa geji unali utatsamira pa E. Mayi a kunyumba ataloza muviwo, ndinawayankha mokweza kuti apongozi amve: "Amayi, dizilo sadya mafuta, amangonunkhiza."

Titadutsa Makwasa, pachitunda china chachitali, galimoto inatsokomola, n'kugwedezeka, kenako n'kukhala chete. Amayi a kwaya anapitiriza nyimbo kwa kanthawi chifukwa ankaganiza kuti ndaima kuti ndinyamule munthu wina.

Pano ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa amiseche amalumpha mfundo imeneyi. M'thanki munali mafuta. Chimene chinachitika n'chakuti chitundacho, pamodzi ndi kulemera kwa amayi a kwaya, chinapendeketsa galimoto, mafuta otsalawo n'kuthawira kumbuyo kwa thanki, paipi n'kuyamba kukoka mpweya. Mlandu uli ndi chitunda, ndipo mwina ndi kwaya.

Mwamwayi, kunsi kwa msewu kunkamveka chigayo, cha dizilo, chifukwa magetsi sanafike kumeneko. Ndinatsikira komweko ndi chigubu, ndipo nditachonderera ndi kulonjeza mtengo umene sindiutchula pano, mwini chigayo anavomera kundipopera malita asanu kuchokera m'thanki ya injini yake. Kuti achite zimenezi anayenera kuzimitsa chigayo. Phokoso litatha, ndinazindikira kuti panali mzere wa amayi amene anabwera m'mamawa ndi madengu a mphale, ndipo onse ananditembenukira nthawi imodzi. Gogo wina anafunsa, osati kwa ine koma kwa mtengo wa mango, kuti kodi ana awo agone ndi njala kuti bwana wa tayi akavine?

Ndinathira mafutawo, n'kulowa m'galimoto, n'kupotoza kiyi ndi ulemu wonse. Injini inazungulira koma sinalire. Ndinapotozanso mobwerezabwereza mpaka batire linayamba kulira ngati likupempha madzi. Apa m'pamene mnyamata wogwira ntchito pachigayo, woyera ndi ufa kuyambira kutsitsi mpaka kuzala za kumapazi, anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Bwana, yakoka mpweya imeneyi. Ngakhale mupotoze mpaka mawa siilira."

Zimenezi ndinkazidziwa, kungoti anandiyambirira kunena. Pampu ya dizilo imakankha mafuta mwamphamvu kwambiri kuti ma injector, timipopi topopera mafuta mu injini, atseguke, koma mpweya ukalowa m'mapaipi umangofinyika osakankha kanthu, choncho uyenera kutulutsidwa ndi manja. Mnyamatayo anatsegula boneti, n'kundionetsa kapampu kamanja kamene kali pamwamba pa fyuluta, kamene ndinkakaona masiku onse koma tinali tisanadziwane, ndipo anamasula kaboti kapambali pake. Anati iye azipopa, ine ndiziyang'ana thovu, likatha ndinene.

Apongozi anali atatsika, ataima chapafupi, ndipo ndinaona kuti mpata wobwezeretsa ulemu wanga ndi umenewu. Ndinawerama, nkhope pafupi ndi kabotiko, n'kuyamba kufotokoza. "Taonani bambo, thovu limeneli ndiye mdani yense. Likangotha, muona chifukwa chake ndimati tsogolo la galimoto zonyamula katundu ndi..." Thovu linatha. Mnyamata uja, amene manja ake anazolowera kupukusa injini ya chigayo, anakankha kapampuko ndi mphamvu zake zonse, ndipo dizilo anatumphuka molunjika, n'kupeza pakamwa panga pali potsegula.

Tsopano lingalirani vuto limene ndinali nalo. M'kamwa munali modzaza, masaya atatupa. Kumanzere kwanga kunali apongozi aakazi, amene chikwatirireni mwana wawo sindinayambe ndatsokomolapo pamaso pawo, nanji kulavula. Kumanja kunali apongozi aamuna. Kumbuyo kunali kwaya, kutsogolo injini, ndipo kunsi amayi a kuchigayo anali atakwera kudzaonerera. Ndinayang'ana mbali zonse kufuna kachigawo ka dziko la Malawi kamene ndingalavulirepo popanda kunyoza munthu, koma sikanapezeke. Dizilo, ngati simunamulawepo, amayamba mozizira, kenako amakwera m'mphuno, kenako amatulukira m'maso ngati misozi, ndipo nthawi yonseyi amakukumbutsa mtengo wake pa lita.

Mnyamata uja, pofuna kundithandiza, anayamba kundipukuta kumaso ndi manja ake a ufa. Anapukuta pachipumi, m'masaya, m'khosi mpaka pa tayi, ndipo paliponse pamene panali dizilo ufa unakakamira. Mafuta analipo, ufa unalipo, chimene chinkasowa kuti ndisanduke mandasi chinali moto basi.

Ndiye apongozi aamuna, munthu wosaseka wamba, anandiyandikira n'kufunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Pepani bambo, simunamalize. Mwati tsogolo ndi chiyani?" Mkamwini sasiya funso la apongozi lili m'malere. Koma mkamwini salankhulanso m'kamwa muli zinthu. Ndinagwedeza mutu, iwo n'kudikira. Ndinagwedezanso, iwo n'kupitiriza kudikira, atapinda manja kumbuyo. Pamapeto pake ndinawomba m'manja mwaulemu, n'kubwerera chambuyo pang'onopang'ono, n'kukagwada kuseri kwa tayala, kumene ndinabweza zonse. Kadontho kamene kanatsikira kukhosi sindikawerengera, chifukwa kanapita popanda chilolezo changa.

Mpweya unali utatuluka, koma batire linali litatha, ndipo injini ya dizilo, chifukwa cha kupanikiza kwake kuja, imafuna batire lamphamvu kuti izungulire. Amene anatulukira pakona nthawi imeneyo anali alamu anga ndi kachitini kawo. Anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anatulutsa mawaya, n'kulumikiza mabatire awiriwo osanena liwu ndi limodzi lomwe. Akanandiseka ndikanapirira. Pikiapu inalira, n'kutulutsa utsi wakuda umene unabalalitsa kwaya.

Tikanachoka pomwepo, koma kunsi kunamveka mfuu. Chigayo chinakana kulira. Malita asanu aja anatsitsa mafuta m'thanki yake mpaka nachonso chinakoka mpweya, ndipo gogo uja anabwera kudzakhala pansi kutsogolo kwa galimoto yanga, dengu lake pambali, n'kunena kuti bwana wa tayi sachoka ufa usanatuluke. Ndinabweza malita awiri, mnyamata uja anamasulanso maboti ake, ndipo amene anapukusa chogwirira cha injini, suti ili m'thupi, amayi akuwerengera mokweza, ndinali ine.

Ku chinkhoswe tinafika ankhoswe atapatsana kale nkhuku. Anandikhazika kunja, kutali ndi kumene ankaphika, ati poopa ngozi.

Maganizo anga pa dizilo sanasinthe, ndipo ndikufuna alamu anga adziwe zimenezi. Galimoto yonyamula katundu m'mapiri a Thyolo iyenera kukhala ya dizilo, kaya a ku America asiye kaya asasiye, ndipo tsiku limenelo injini sinalakwe chilichonse. Pikiapuyo panopa ili pakhomo, ikudikira kuti mafuta apezeke. Kuntchito ndikupita pa kabaza, ndipo mvula ikagwa alamu amandidutsira.