Mmene timaikira mtengo pa hard disk ya 20 MB

Bizinesi yathu ndi yogula, kuyesa ndi kugulitsa zipangizo zakale zosungira zinthu mu kompyuta: ma hard disk a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, makina owerengera ma floppy (madiski opyapyala ochotseka), ma Zip (madiski ofanana nawo koma osunga zambiri), matepi, ndi makhadi olumikizira zonsezi ku kompyuta. Tilipo awiri. Poyamba tinkakonza makompyuta akale, ndipo zipangizozi tinkangozisunga ngati masipeya, mpaka tinaona kuti ofunsa masipeyawo achuluka kuposa obweretsa makompyuta owonongeka. Makasitomala athu ambiri ndi anthu otolera makompyuta akale, ndipo chimene chimatidyera nthawi kuposa china chilichonse ndi kuganiza mtengo woyenera wa chinthu chimene sichingasunge ngakhale zithunzi khumi za pa foni ya masiku ano.

Anthu otigulitsa katundu amabwera ndi maganizo akuti chakale kwambiri ndiye chodula kwambiri, koma msika uwu suyenda choncho. Seagate ST-506 ya mu 1980, imene inkasunga 5 MB ndipo inkagulidwa madola 1,500 a ku America, ndi yosowa komanso ili ndi mbiri, chifukwa ndiyo hard disk yoyamba ya mainchi 5.25, kotero otolera amailimbirana. ST-225 ya kampani yomweyo, ya 20 MB, inapangidwa yambirimbiri, ndipo ngakhale nayonso yakalamba, mtengo wake sukwera kwenikweni pokhapokha ikhale yamoyo. N'chimodzimodzi ndi Commodore 1541, makina owerengera floppy a kompyuta ya Commodore 64, amene sasowa. Chimene chimakweza mtengo wa 1541 ndi katoni yake, buku la malangizo, waya wake, ngakhalenso kakatoni kopyapyala kooneka ngati floppy kamene kankalowetsedwa m'kati poteteza mutu wowerengera pa ulendo. Anthu ambiri ankakataya tsiku lomwelo logula, n'chifukwa chake lero kali ndi mtengo.

Mbali yaikulu ya mtengo imachokera pa tebulo loyesera. Hard disk ya mtundu wakale wotchedwa MFM, monga ST-506 ndi ST-225, siyesedwa pongoilumikiza ku kompyuta iliyonse, pakuti mmene zinthu zinalembedwera pa mbale zake zimadalira khadi imene inkaiyendetsa, ndipo mukaipatsa khadi ya mtundu wina imaoneka ngati yakufa pamene ili bwinobwino. Pa chifukwa chimenechi, tikapeza hard disk ili ndi khadi yake sitizilekanitsa, timazigulitsa pamodzi. Pamwamba pa ma hard disk ambiri otere pamakhala pepala la kufakitale, nthawi zina lolembedwa pamanja, losonyeza malo owonongeka amene anapezeka ikadali yatsopano. Timawerenga hard disk yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kenako timayerekezera zimene tapeza ndi pepalalo. Ngati malo owonongeka akadali omwewo, hard diskyo yasungika bwino, koma ngati akuchuluka pa kuwerenga kulikonse, ndiye kuti ikutha, ndipo timalemba zimenezo poyera. Hard disk ina imakana kuzungulira chifukwa mitu yowerengera yamatirira pa mbale itakhala nthawi yaitali osayatsidwa. Makina a floppy nawo ali ndi matenda awo: lamba wa mphira amasungunuka n'kukhala phula lakuda lomata zala, girizi amauma, ndipo diski ya nkhungu imodzi yokha ikhoza kudetsa mutu moti madiski abwino nawonso n'kuyamba kukandika.

Chilichonse chimene chapambana mayeso timachijambula kanema, mawu ake akumveka. Wogula wodziwa amamvetsera mota ikamadzuka ndi kugogoda kwa mitu ikamasuntha, ndipo pa kanema wa mphindi imodzi amadziwa zambiri kuposa zimene tingalembe. Pa msika uwu, mawu akuti "sichinayesedwe" kawirikawiri amatanthauza kuti wogulitsa anayesa koma sanakondwe ndi zotsatira, ndiye ife sitiwagwiritsa ntchito. Chakufa timalemba kuti n'chakufa, ndipo chimagulidwabe ndi ofuna bolodi yake kapena ofuna chongoika pa shelefu.

Pofuna poyambira, timayang'ana pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo ya zinthu zimene zagulidwa kale, osati imene ogulitsa akuitanitsa, chifukwa munthu akhoza kuitanitsa ndalama iliyonse ndipo katundu wake n'kukhala chaka chonse osasuntha. Chinanso chimene chasintha mitengo ndi zipangizo zatsopano zolowa m'malo mwa zakale. Gotek imalowa pamalo pa makina a floppy n'kumawerenga USB, BlueSCSI imalowa pamalo pa hard disk ya SCSI (mtundu wina wa kalumikizidwe) n'kumagwiritsa ntchito khadi ya SD, ndipo XT-IDE imalola kompyuta ya zaka za m'ma 1980 kugwiritsa ntchito khadi yosungira zinthu ya CompactFlash. Munthu wongofuna kuti makina ake ayake sangalipire zochuluka pa chakale pamene izi zilipo. Otsala ndi amene amafuna kuti IBM PC XT yawo ya mu 1983 ikhale ndi hard disk ya 10 MB monga inatulukira kufakitale, ndipo awa sanenerera kwambiri, koma amafunsa mafunso ambiri.

Ma floppy enieniwo amagulidwa mofulumira. Sony inasiya kuwapanga mu 2011, ndipo a 720 KB amafunidwa kuposa a 1.44 MB chifukwa ndiwo oyenera makompyuta ambiri akale a Amiga ndi Atari ST.

Nkhani imene timatsutsanabe awirife ndi ya zomwe timapeza m'kati. Hard disk yokhala ndi mapulogalamu ake oyambirira imakoma kwa wotolera, koma nthawi zambiri mumakhalanso makalata, maakaunti ndi mayina a mwini wake wakale. Mnzanga amafuna tizichotsa mafayilo a munthuyo okha kuti mtengo usatsike. Ine ndimaona kuti fayilo yofufutidwa wamba imabwezeka mosavuta, kotero pakadali pano timalemba ziro pa diski yonse kuti zakale zonse zifufutikiretu, n'kuikamo DOS yoyera (pulogalamu yoyendetsa kompyuta), ndipo wogula timamuuza kuti tatero. Tikatha timasunthira mitu pamalo ake opumira ndi pulogalamu ya park, timaika hard diskyo m'thumba loteteza ku magetsi a static, kenako m'makatoni awiri, ndipo ndalama za zonsezi zimalowa mu mtengo kuyambira pachiyambi.