Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mlandu wa Vakabu pa Fomu ya Visa

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera nditatulutsa gawo lapitalo, makamaka mayi aja amene anafunsa chifukwa chimene ndinakhalira milungu itatu osatumiza fomu ya visa, pamene kalata ya ntchito yosamalira okalamba ku UK inali kale m'manja. Ambiri munaganiza kuti vuto linali ndalama. Ndalama zinalidi zosowa, koma chimene chinandiimitsa ndi usiku wina wa mu 2013, umene ankaudziwa ndi mayi a ana anga, mlongo wanga ndi malume aja a ku Chinamwali basi.

Mukukumbukira kuti chaka chimenecho malemu mayi anga anagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri. Mlongo wanga ndiye ankagona nawo, ine ntchito yanga inali yopititsa chakudya. Tsiku limenelo ndinachedwa kuchoka chifukwa mayi anali atafooka kwambiri, ndipo ndalama ya kabaza ndinalibe. Ndinauyamba wapansi kulowera ku Mpondabwino cha m'ma 11 koloko usiku, nditanyamula jumbo momwe munali mbale ziwiri ndi fulasiki yopanda kanthu. Ndisanafike patali, galimoto ya apolisi inaima pambali panga. Ndinafotokoza kumene ndinkachokera, ndinatsegula jumbo kuti aone mbale zomwe zinali zisanatsukidwe n'komwe, koma yankho linali lakuti ndikafotokozere kutsogolo.

Kupolisi, ine ndi ena amene anagwidwa usikuwo anatilanda malamba ndi nsapato, natilowetsa m'chitolokosi momwe munalibe malo oti munthu n'kutambasula miyendo. Fungo la ndowa ya pakona ndimalikumbukira mpaka lero, koma silimene linandisautsa kwambiri. Chinandisautsa ndi kudziwa kuti m'mawa mayi adzayang'ana pakhomo la wodi kudikira phala, ndipo palibe amene adzawauze kumene ndili. Bambo wina wachikulire, amene ankaoneka kuti malowo anawazolowera, anandilangiza monong'ona kuti: "Achimwene, mukakana mlandu mupita ku rimandi. Ingovomerani, mulipire faindi, muzipita kwanu."

Ndinavomera. Mlandu wake unali wa vakabu, ndime 184 ya malamulo a milandu, ndipo kukhoti sitinathe ngakhale mphindi zisanu. Malume analipira K2,000, ine n'kuthamangira kuchipatala inki yodindira zala idakali m'zikhadabo. Mayi ndinawanamiza kuti ndinadwala malungo, ndipo anatisiya osadziwa zoona zake. Amene mufuna kundiweruza kuti ndinavomereranji mlandu umene sindinapalamule, mundiuze kaye amene akanapititsa phala lija.

Zaka zinadutsa, ndinakwatira, ana anabadwa. Mu Januwale 2017 ndinamva pa wailesi kuti Khoti Lalikulu ku Blantyre lagamula kuti gawo la lamulo lija limene ankagwirira anthu oyenda usiku likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda amene anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika ku Limbe. Ndinati basi, nkhani yanga yakwiririka.

Inadzafukuka mu 2023 pa kompyuta ya mnzanga ku Matawale. Fomu ya visa ya ku UK imafunsa ngati munthu anapezekapo wolakwa kukhoti, kaya ku UK kaya kudziko lina lililonse, ngati anapatsidwapo chenjezo kapena chilango china, ngakhale cha pamsewu, komanso ngati ali ndi mlandu umene ukudikira kuzengedwa. Apa ndi pamene ndinazindikira kusiyana kwa kugwidwa ndi kupezeka wolakwa. Akananditulutsa m'mawa muja osanditengera kukhoti, ndikanayankha kuti ayi ndi mtima woyera, ngakhale kuti fomu ya ku America imafunsa ndithu ngati munthu anamangidwapo. Koma ine ndinaima pamaso pa majisitireti n'kunena kuti ndavomera, ndipo m'maso mwa lamulo mawu amenewo ndi faindi ija zinandisandutsa munthu wopezeka wolakwa.

Mu 2023 visa ya ntchito yosamalira anthu inkafunanso chikalata cha apolisi chochokera kudziko lililonse kumene munthu wakhalako miyezi 12 kapena kuposerapo m'zaka 10 zapitazo. Ndinakadindanso zala, mtima uli m'mwamba, ndipo chikalatacho chitabwera chinati ndilibe mlandu uliwonse. Malume anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, boma lenilenilo lakuiwala, ndiye iwe ukufuna ukadzinenere wekha kwa azungu? Lemba kuti ayi." Ndinawayankha kuti: "Malume, funso lawo silikunena zimene zili m'mabuku a apolisi, likunena zimene zinachitika." Anangopukusa mutu n'kunena kuti sukulu inandiwononga.

Sindikufuna kudzionetsa ngati woyera mtima, chifukwa milungu itatu ija ndinaithera kuyesedwa ndi malangizo awowo. Chimene chinandigamulira ndi kuwerenga malamulo a visa enieniwo. Mmodzi mwa amene amakanizidwa mosakambirana ndi munthu amene anagamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo, pamene zilango zing'onozing'ono monga faindi amaziunika poona kukula kwa mlandu ndi nthawi imene yapitapo. Koma munthu akapezeka kuti ananama pa fomu amakanizidwa, ndipo angathe kuletsedwa kulowa m'dzikolo zaka 10. Komanso funso lomweli limabweranso powonjezera visa ndi popempha kukhala mokhazikika, kutanthauza kuti bodza la tsiku limodzi ndikanalisenza pa fomu iliyonse, ndili ndi mantha kuti kaundula wa kukhoti angadzatulukire tsiku lina. Faindi ya K2,000 ya zaka 10 zapitazo sinali yolemera choncho.

Ndinayankha kuti inde, ndipo ndinalemba kalata ya tsamba limodzi yofotokoza chaka, mlandu, chilango, kudwala kwa mayi, ndi chigamulo cha 2017 chija. Sindinadandaule kapena kunyoza wina aliyense m'kalatamo. Polemba mzere wonena za jumbo ndi mbale ndinaima kaye, ndinatuluka panja, chifukwa aka kanali koyamba kuiona nkhaniyi italembedwa.

Alamu anga aja amene akhala akuuza anthu kumaliro ndi kumaukwati kuti ndinapita kunja ndi zikalata zogula, ndikudziwa kuti mumawerenga. Kalatayo ilipo, mayi a ana anga anaisunga m'sutikesi, ndipo mukapita kunyumba akakuonetsani.

Visa inatuluka popanda funso lina lililonse. Nditawaimbira malume, anakhala chete kanthawi, kenaka anandikumbutsa kuti K2,000 yawo ija sindinabweze.