Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene bambo a Tadala analira

Ndabweranso abale. Zikomo inu mayi a ku Mchinji amene munati mumandiwerenga usiku mukuyamwitsa. Koma inu amene munalemba pansi pa gawo 8 kuti kuvutika maganizo kwanga nditabereka kunabwera chifukwa cha kusapemphera, dziwani kuti nthawi imeneyo ndinali msungichuma wa Chigwirizano, ndipo Lachinayi sindinkajomba.

Tinalekeza pamene apongozi anabwerera ku Dedza, mchombo wa Tadala utagwa. Nyumba inangoti zii. Mwana akalira ndinkangomuyang'ana ngati wa eni ake. Matewera ankakhala m'beseni masiku awiri, mpaka madzi kuchita fungo. Phala ndinkaphika, n'kuzizira pambaula, ine nditakhala pakhomo la bafa ndikulira popanda chondiliza. Bambo a Tadala akabwera kuntchito ankachapa matewerawo mwakachetechete, n'kukayanika usiku kuti aneba asaone.

Anandizindikira ndi namwino wina kusikelo, mwana ali ndi masabata 6. Atamaliza kubaya katemera anandigwira dzanja: "Nanga inu mayi, mukugona?" Ndinangotsegula misozi. Anatilembera kapepala kopita ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo ku Area 43, ku Lilongwe.

Abambo anakana sabata yathunthu. "Anthu adzati mkazi wanga ndi wa ku Zomba." Ena mwa inu munawanyoza kale mu gawo 7, koma musawaweruze. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti matenda a mutu ndi misala basi, yovula zovala pamsika.

Tinapita. Mlangizi anandifunsa mafunso 10 okhudza masiku 7 apitawo, akuti anawakonza ku Edinburgh mu 1987. Lomaliza linali lakuti kodi ndinaganizapo zodzivulaza. Ndinayankha zoona, amuna anga ali pompo. Mlangiziyo sanadzidzimuke. Anati malinga ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, m'mayiko ngati athu pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amavutika m'maganizo akabereka. Kenako anatembenuka.

"Nanga inu bambo, mumagona maola angati?"

Munthu amene sanalire pamaliro a bambo ake anagwetsa mutu, chipewa chili m'manja, mapewa akugwedezeka. Anaulula kuti usiku ankanamizira kugona, akumvetsera mpweya wa mwana ndi wanga. Mipeni ankabisa pamwamba pa kabati. Ine ndinkangoti yasowa, mpaka ndinaganizira mwana wa aneba. Mtsikana iwe, ngati ukuwerenga, pepa.

Kuyambira apo tinkapita awiri, miyezi 4. Tinagawana usiku: iwo mpaka 1 koloko, ine kufikira kucha. Mankhwala ndinamwa, ndikuyamwitsa, adokotala akundiona, ndipo amene anandiuza kuti mkaka uwawa ananama.

Zaka zitatu zinadutsa, tinasamukira ku Area 25. Za mimba yachiwiri, ndi zomwe apongozi ananena atamva kuti mwana wawo analira pamaso pa mzimayi wachilendo, mudzamva Lachisanu.