Galimoto ya ku Malta ndi ya ku gombe

Tangochoka kumene ku Dingli Cliffs, mpaka pano miyendo ikunjenjemera. Msewu ukudutsa m'mphepete mwenimweni mwa phompho, nyanja ili pansi mamita oposa 200, kachilumba ka Filfla kakuoneka patali. Dalaivala wathu timachita kumukumbutsa kuti maso pamsewu achimwene, zokongolazo tikuonerani ndife.

Koma abale, amene akufuna kubwereka galimoto kuno ndimuuziretu: m'kati mwa Valletta, likulu la Malta, ilibe ntchito. Mzinda uja anayamba kuumanga mu 1566, timisewu take n'topanikizana, tina ndi masitepe okhaokha, ndipo malo oimikapo ndi nkhondo. Ife tinaisiya ku Floriana n'kulowa wapansi mpaka ku Upper Barrakka Gardens, komwe amaomba mzinga 12 koloko masana. Ukangotuluka mumzinda ndiye chiwongolero chimakoma. Amayendera kumanzere ngati kwathu, manja sasokonezeka, ngakhale pa raundabauti pamafunika kulimba mtima chifukwa eni dziko sadikira munthu.

Ku Marsaxlokk tadya nsomba tikuyang'ana maboti a asodzi otchedwa luzzu, opakidwa utoto wowala, ojambulidwa maso kutsogolo. Chambo sindingachisiye, koma lampuki wawoyu sindimunyoza ayi.